Musadikire gauni: mmene mungaphunzirire ntchito ya uloya mudakali pasukulu

Chaka chilichonse ndimalandira ophunzira a zamalamulo m'kiliniki ya payunivesite, kumene ophunzira amathandiza anthu pa nkhani za malamulo moyang'aniridwa ndi loya, ndipo tsiku loyamba ndimawapatsa ntchito imodzi yokha. Akhale pansi ndi munthu amene wabwera ndi vuto, amumvetsere kwa theka la ola, kenako abwere adzandiuze chimene munthuyo akufuna. Ambiri mwa iwo ndi anzeru, mayeso amakhoza bwino. Atha kukufotokozerani mlandu wa Donoghue v Stevenson wa mu 1932 osayang'ana papepala: nkhono imene ankati inapezeka m'botolo la chakumwa ku Paisley, ndi mfundo ya jaji Lord Atkin yonena za mnansi amene tiyenera kusamala kuti zochita zathu zisamupweteke. Koma akatuluka m'chipindamo n'kuwafunsa kuti, "Zimenezi zinachitika liti?" amangoyang'anana. Sanafunse. "Nanga mayiwo akufuna kubwerera pantchito, kapena akungofuna ndalama zawo?" Icho sanafunsenso.

Mlandu suli pa iwo. Kaphunzitsidwe kowerenga zigamulo za makhoti akuluakulu, kamene Christopher Columbus Langdell anayambitsa ku Harvard mu 1870, kamanola mutu kwambiri ndipo sindikufuna kuti kathe. Koma chigamulo cha khoti la apilo ndi nkhani yopetedwa kale. Mankhusu anauluka, jaji wakupatsani zoona zake m'ndime zitatu zoyera. Munthu wamoyo sabwera choncho. Amabwera ndi mkwiyo, ndi mapepala osokonekera, ndipo nkhani amaiyambira pakati. Jerome Frank anaona zimenezi kalekale, mu 1933, pamene analemba kufunsa kuti bwanji sukulu ya zamalamulo isamaphunzitse ngati ya madokotala, kumene wophunzira amakumana ndi odwala asanatenge digiri. Mu 1992 bungwe la maloya ku America linatulutsa lipoti lotchedwa MacCrate, limene linatchula maluso 10 amene loya ayenera kukhala nawo. Mwa malusowo muli kufufuza zoona za nkhani, kulangiza munthu, kukambirana ndi a mbali ina, ndi kusamala ntchito ya muofesi. Lero sukulu zovomerezedwa ndi bungwelo zimafuna kuti wophunzira aliyense apeze makirediti (muyeso wa maola a maphunziro) osachepera 6 m'maphunziro ochita ntchito yeniyeni kapena yoyeserera. Ku England, mayeso atsopano a maloya otchedwa masolisita amene anayamba mu 2021 ali ndi gawo lachiwiri loyesa munthu kucheza ndi wofuna thandizo, kulankhula pamaso pa woweruza, ndi kulemba zikalata.

Ndatchula izi kuti mudziwe kuti mbali imeneyi ya maphunziro anu si yongowonjezera. Tsopano tikambirane mmene mungaigwirire.

Choyamba n'chachidule. Sabata yoyamba ya chaka, pitani kuofesi ya dipatimenti mukafunse zinthu zinayi: kodi pali kiliniki ndipo amalowa a chaka chiti, kodi pali kalabu ya milandu yoyeserera, kodi sukulu imatumiza ophunzira kumaofesi a maloya ndi kumakhoti nthawi ya tchuthi, ndiponso ndi maphunziro ati amene amakhozetsa munthu pa zimene wachita osati pa mayeso olemba okha. Malo m'kiliniki amakhala ochepa chifukwa loya mmodzi sangayang'anire bwino ophunzira ambiri, choncho lembetsani msanga. Ngati sukulu yanu ilibe kiliniki, musafooke. Zambiri mwa zimene ndikambe apa mungazichite anthu atatu, wina loya, wina wodandaula, wina woonerera ndi kudzudzula, n'kumasinthana.

Kumvetsera

Apa ndichedwapo, chifukwa zonse zimamera pamenepa.

Munthu akalowa, muuzeni dzina lanu, muuzeni poyera kuti ndinu wophunzira ndipo pali loya amene akuyang'anira ntchito yanu, ndiponso kuti zimene anene sizituluka m'kiliniki. Kenako funsani funso limodzi lotambasuka: "Tandiuzeni, chachitika n'chiyani?" Mukatero, tsekani pakamwa. Cholembera chiyende, koma maso azibwerera kwa iye. Akakhala chete, musathamangire kudzaza chete ameneyo ndi funso lina. Nthawi zambiri chinthu chachikulu chimabwera munthu atapumira kaye, ataona kuti simukumuthamangitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira. Ndili wophunzira, kunabwera bambo wina amene anachotsedwa ntchito. Nditangomva mawu akuti "anandichotsa", mutu wanga unathamangira ku malamulo a zantchito, n'kuyamba kumuwombera mafunso: munagwira zaka zingati, anakupatsani notisi, anakuitanani kuti mudziteteze? Iye anayesa kunena za "kapepala kena" koma ndinamudula, n'kumuuza kuti tifikako. Sitinafikeko. Ndinatha masabata awiri ndikukonza mlandu, mpaka pa ulendo wachitatu anatulutsa kapepalako m'thumba. Anali atasaina kuti walandira malipiro omaliza ndipo sadzadandaulanso. Nkhani yonse inayenera kuyambiranso, tsopano pa funso loti kodi anasaina mwakufuna kwake, ndipo kodi anamvetsa zimene ankasainazo. Masabata awiri amenewo anali ake, sanali anga, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Akamaliza kufotokoza mwa njira yake, m'pamene mumabwerera naye pachiyambi n'kuyenda naye tsiku ndi tsiku. Chinayamba n'chiyani, kenako chinatsatira n'chiyani, panali ndani, ananena kuti chiyani. Anthu ambiri sakumbukira madeti, koma amakumbukira zomwe zinachitika pafupi ndi tsikulo. Funsani kuti, "Munali mutalandira kale malipiro a mwezi umenewo?" kapena "Foni ija munaimba musanapite kuchipatala kapena mutabwerako?" Uthenga wa pafoni, lisiti, ndi khadi la kuchipatala zimakhala ndi madeti, ndipo zimakumbukira bwino kuposa mutu wa munthu wosweka mtima. Mafunso afupiafupi ofuna "inde" kapena "ayi" abwere kumapeto, otsekera mipata.

Pali mafunso atatu amene ophunzira amawaopa, ndipo ndi omwewo ofunika kwambiri. Loyamba: "A mbali inayo akabwera, adzanena zotani za inu?" Funso limeneli limatulutsa zofooka za mlandu popanda kumuchititsa munthu manyazi, chifukwa simukumuneneza ndinu. Lachiwiri: "Pali chilichonse chimene munasaina, kapena munalemba, kapena munatumiza?" Lachitatu: "Inuyo mukufuna kuti nkhaniyi ithe bwanji?" Musaganize kuti mukudziwa yankho. Wina safuna khoti n'komwe, akufuna kalata yomuchitira umboni kuti akapeze ntchito kwina. Wina akufuna kupepesedwa. Wina akufuna kuti azionana ndi mwana wake. Mukamuthamangitsira kukhoti munthu amene amafuna kalata, mwamutaya ngakhale mutapambana.

Musanatsanzikane, mubwerezereni nkhani yake mwachidule kuti akukonzeni pomwe mwamva molakwa. Ndipo musapereke uphungu pompo. Lilime limayabwa, ndikudziwa, makamaka munthu akakuyang'anani m'maso n'kufunsa kuti, "Ndiye ndiwina?" Yankho loona ndi lakuti mukakambirana kaye ndi loya wokuyang'anirani, ndipo mudzamuimbira tsiku lakutilakuti. Tchulani tsikulo, ndipo likafika imbani, ngakhale mulibe chatsopano chomuuza.

Fayilo ndi kalendala

Timati mlandu suwola. Kukhoti umawola. Pafupifupi dziko lililonse lili ndi lamulo loika malire a nthawi yokasumira. Ku England, mwachitsanzo, lamulo la mu 1980 limapereka zaka 6 pa mlandu wa kuphwanya mgwirizano ndi zaka 3 pa mlandu wa kuvulazidwa. Milandu ya zantchito, apilo, ndi madandaulo otsutsa chiganizo cha akuluakulu a boma nthawi zambiri zimakhala ndi nthawi yaifupi kwambiri, miyezi yochepa kapena masiku owerengeka. Choncho chinthu choyamba kuchita mukatsegula fayilo ndi kupeza malire a nthawi m'malamulo a dziko lanu, kuwerengera tsiku lomaliza, ndi kulilemba pachikuto cha fayilo ndi m'kalendala ya kiliniki. Wina aliwerengerenso payekha, musamuuze lanu, kenako muyerekeze.

Mukakumana ndi munthu kapena mukalankhula naye pafoni, lembani noti tsiku lomwelo: deti, amene analipo, zimene zinanenedwa, zimene mwalonjeza, ndi amene achite chiyani. Mawa mudzakhala mutaiwala theka, ndipo theka lotsalalo mudzalikongoletsa osadziwa.

Chida chimene ndimachikonda kuposa zonse ndi tebulo la mizere itatu. Mzere woyamba deti, wachiwiri chimene chinachitika, wachitatu umboni wake. Mukalidzaza mudzaona malo ena mzere wachitatu uli mbee, kapena mwangolembedwa kuti "akutero mwiniwake". Pamenepo m'pamene pali ntchito yanu ya sabata ino. Ndaona ophunzira akupeza kuti mlandu umene ankauona ngati wolimba waima pa mawu a munthu mmodzi, ndiponso ena akupeza kuti madeti a mbali inayo sakugwirizana, kalata yochenjeza inalembedwa munthu atachotsedwa kale. Zonsezi tebulo ndi limene linaulula.

Kulemba

M'kalasi anakuphunzitsani kuyamba ndi funso, kutchula lamulo, kuligwiritsa ntchito pa nkhaniyo, n'kumaliza ndi yankho. Poganiza, njira imeneyo ndi yabwino. Polembera munthu, itembenuzeni. Yankho likhale m'ndime yoyamba, zifukwa zitsatire. Amene akuwerenga kalata yanu ali ndi nkhawa, ndipo sangadikire tsamba lachitatu kuti adziwe ngati atulutsidwe m'nyumba kapena ayi. Mawu a Chilatini asiyeni m'buku. Mukamaliza, werengani kalatayo mokweza kwa mnzanu amene sachita zamalamulo, mutachotsa mayina, n'kumufunsa kuti, "Ukanakhala iwe, mawa ukanachita chiyani?" Akalephera kuyankha, kalatayo sinathe.

Kalata yopita kwa a mbali ina yofuna kuti alipire kapena asiye zimene akuchita ikhale ndi zinthu zinayi: chimene chinachitika, lamulo limene laphwanyidwa, chimene mukufuna, ndi tsiku lomaliza. Mawu aukali sawonjezera mphamvu. Lembani mukudziwa kuti tsiku lina jaji akhoza kudzaiwerenga.

Chikalata cholumbirira, afidaviti, n'chimene ophunzira amalakwitsa kwambiri. Mawu ake ndi a mboni, si anu. Ngati mayi wanena kuti "anandikankha ndinagwera pakhomo", musalembe kuti "anandichitira nkhanza mosemphana ndi malamulo". Tsiku la mlandu loya wa mbali ina adzamufunsa tanthauzo la mawu amenewo, iye adzasowa chonena, ndipo woweruza adzayamba kukayikira chikalata chonsecho. Ndime iliyonse ikhale ndi nambala ndi mfundo imodzi. Zimene anaona yekha zisiyane ndi zimene anangomva kwa ena. Asanasaine, muwerengereni mzere ndi mzere m'chilankhulo chimene amamva bwino, chifukwa wolumbira ndi iyeyo, ndipo bodza likapezekamo mlandu wonama pa lumbiro ndi wake.

Za makontirakiti ndingonena chimodzi. Zikalata zakale za muofesi zimathandiza, koma muziwerenge mawu ndi mawu. Dzina la munthu wa mlandu wina likatsalira m'ndime ya 14, mwaulula chinsinsi cha wina ndipo mwaononga chikalata cha wina. Pa ndime iliyonse dzifunseni: ndani achite chiyani, pofika liti, ndipo akapanda kuchita chichitike n'chiyani?

Kufufuza malamulo

Werengani chigamulo chenicheni, osati chidule cha pamwamba chokha. Onani ngati khoti lalikulu silinachigwetse pa apilo, ndiponso ngati gawo la lamulo limene mukudalira silinasinthidwe. Ndipo chilichonse chimene kompyuta yakupatsani, chitsegule ndi dzanja lanu. Mu June 2023 khoti lina ku New York, pa mlandu wa Mata v Avianca, linalipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 chifukwa chopereka zigamulo zimene pulogalamu ya pakompyuta ya ChatGPT inangopeka, zoti sizinakhaleko n'komwe. Mayina a milanduyo ankaoneka enieni, ndi manambala omwe. Ine ndimauza ophunzira anga kuti mlandu umene sunauwerenge wekha usautchule.

Mukapeza chigamulo chotsutsana ndi mbali yanu, musachibise pansi pa fayilo. Loya ali ndi udindo kukhoti wosalisocheretsa, ndipo m'mayiko ambiri malamulo a ntchitoyi amamukakamiza kutchula chigamulo chomanga khotilo ngakhale chikumupweteka. Luso lili pa kusonyeza kuti nkhani yanu ikusiyana nacho pati.

Kuimirira n'kulankhula

Pali masewera awiri amene anthu amawasokoneza. Moot ndi mkangano wa mfundo za lamulo pamaso pa majaji, ngati apilo, popanda mboni. Mwambo wake ndi wakale, unkachitika m'ma Inns of Court, mabungwe a maloya a ku London, zaka mazana apitawo. Mlandu woyeserera wa mboni ndi wina: muli mboni, umboni, ndi kufunsana. Chitani zonse ziwiri ngati mungathe. Mipikisano ikuluikulu ilipo: wa Jessup, umene unayamba mu 1960 ndipo umayerekezera mlandu wa pakati pa mayiko ku International Court of Justice, khoti la bungwe la United Nations, wa Willem C. Vis ku Vienna, wa mikangano ya malonda a pakati pa mayiko, ndi wa ufulu wachibadwidwe wa mayunivesite a mu Africa, umene Centre for Human Rights ya ku University of Pretoria yakhala ikukonza kuyambira mu 1992. Kupitako n'kwabwino, koma amene amapita ndi ochepa. Phindu lalikulu lili m'kalasi yopanda anthu madzulo, inu ndi anzanu awiri ndi wotchi.

Pa moot, musalowe ndi nkhani yoloweza. Lowani ndi pepala limodzi lokhala ndi mfundo zanu ziwiri kapena zitatu, ndipo mudziwe tsamba ndi ndime ya chilichonse chimene mutchule. Jaji akakudulani ndi funso, siyani zimene mumanena, yankhani pomwepo, ndipo yambani ndi "inde" kapena "ayi" musanafotokoze. Mawu akuti "ndifikako" amamuuza jaji kuti mukuthawa. Funso lake likukuonetsani pamene akukayikira, ndipo pamenepo m'pamene mlandu ugamulidwire. Konzekeraninso mbali ya adani anu ngati kuti ndi yanu, chifukwa mfundo yawo yamphamvu mukaimva koyamba muli chiimire, mawondo amagwedezeka.

Kufunsa mboni ndiko kumafuna kuyeserera kwambiri. Mboni yanu mumaifunsa mafunso otambasuka, ndani, liti, kuti, chinachitika n'chiyani, ndipo simuloledwa kuiikira mawu m'kamwa pa mfundo zimene akukanganirana. Wofotokoza akhale iyeyo, inu mungomutsegulira njira. Mboni ya mbali ina ndi nkhani ina. Pamenepo wolankhula ndinu, iyo ingovomera kapena kukana. Funso lililonse likhale lalifupi, lonyamula mfundo imodzi. Tiyerekeze kuti mboni ikuti inaona woimbidwa mlandu akuthawa usiku:

"Inali nthawi itapitirira 9 koloko usiku?"
"Inde."
"Pamalopo panalibe getsi?"
"Panalibe."
"Inu munali kutsidya kwa msewu?"
"Inde."
"Munthuyo ankathamanga?"
"Inde."
"Ankathamangira kutali ndi inu?"
"Inde."

Imani pomwepo. Khalani pansi. Wophunzira aliyense amafuna kuwonjezera funso limodzi: "Ndiye mungadziwe bwanji kuti anali iyeyu?" Funso limenelo ndi khomo lotsegula, ndipo mboni idzalowa: "Chifukwa tinakulira limodzi, ndipo anandiitana ndi dzina langa." Zonse munamanga zagwa. Mfundo yoti sakanatha kumuzindikira musunge, mudzainene kwa woweruza pomanga mlandu, pamene mboni singayankhenso. N'chifukwa chake akuluakulu a ntchitoyi amaletsa kufunsa funso limene simukudziwa yankho lake.

Koma pali mbali ina imene simuyenera kuiiwala. Ngati mudzauza khoti kuti mboni ikunama kapena yalakwitsa pa mfundo inayake, muyenera kuiuza mboniyo ili m'bokosi kuti ipeze mpata woyankha. Lamulo limeneli limachokera pa mlandu wa Browne v Dunn wa mu 1893, ndipo limatsatidwa m'mayiko ambiri amene anatengera malamulo a ku England. Choncho musanaimirire, lembani mfundo za mbali yanu zimene mboniyi iyenera kuuzidwa, n'kumachonga imodziimodzi. Kusiyanitsa funso loyenera kufunsidwa ndi funso lowonjeza kumabwera ndi kuyeserera basi, palibe buku limene lingakupatseni khutu limenelo.

Dzijambuleni pafoni. Kudzionera kumawawa ulendo woyamba, koma m'pamene mudzaone kuti mumagwedeza cholembera, mumathamanga mukachita mantha, ndipo mumayankha "chabwino" pa yankho lililonse la mboni, ngakhale lokupwetekani.

Milandu yambiri ya pakati pa anthu imatha mwa kukambirana isanafike pozengedwa, choncho yesereraninso zimenezo. Musanakhale pansi ndi a mbali ina, dziwani chimene munthu wanu adzachite zokambiranazo zikalephereka, ndi ndalama ndi nthawi imene njira imeneyo idzamudyera. Ndipo kuvomera kapena kukana n'kwa mwini mlandu. Inu mumangomuunikira.

Kukhoti ndi kuofesi

Makhoti ambiri ndi otsegukira aliyense. Pitani ku khoti laling'ono, la majisitireti, osati lalikulu lokha. Khalani kumbuyo m'mawa wonse ndi kope. Mudzaona pempho la belo, munthu akuvomera mlandu, loya akupempha kuti chilango chichepe, womasulira akulimbana ndi mawu, mlandu ukuimitsidwa chifukwa chikalata sichinafike kwa a mbali ina. Lembani mmene maloya amatchulira woweruza, nthawi imene amaimirira ndi imene amakhala, ndi chimene chinamukwiyitsa woweruzayo. Kenako pitani kuofesi yolandirira zikalata. Makalaliki a pamenepo amadziwa zimene palibe pulofesa angakuuzeni: makope angati, chidindo chiti, fomu iti. Apatseni ulemu wonse, funsani modzichepetsa. Safunsa anadya phula.

Mukatumizidwa kuofesi ya maloya nthawi ya tchuthi, musaipidwe ndi ntchito yokonza mapepala a mlandu ndi kuika manambala a masamba. Werengani zimene mukukonzazo, ndipo mudzaona mmene mlandu umakulira kuchokera pa kalata yoyamba mpaka chigamulo. Akakupatsani ntchito, musachoke musanafunse kuti ikufunika liti, ikhale yaitali bwanji, ndipo ndi ya ndani. Mukalakwitsa, nenani msanga. Cholakwa chonenedwa Lolemba chimakonzeka, chobisidwa mpaka Lachisanu nthawi zina sichikonzekanso.

Chinsinsi

Nkhani ya munthu isatuluke. Osati kwa mnzanu wogona naye chipinda chimodzi, osati pagulu la WhatsApp la kalasi, osati pa Facebook ngakhale mutabisa dzina, chifukwa wina adzazindikira. Chithunzi cha chikalata chake chisakhale m'foni yanu pamodzi ndi zithunzi zina. Mukazindikira kuti wa mbali inayo ndi m'bale wanu, mnzanu, kapena munthu amene kiliniki inamuthandizapo, uzani wokuyang'anirani nthawi yomweyo. Musalandire kanthu kuchokera kwa munthu amene mukumuthandiza, ndipo musalole kuti azikuonani ngati loya womaliza, ngakhale iye atakutchulani choncho mwaulemu. Mukonzeni mofatsa. M'mayiko ambiri kugwira ntchito ya uloya popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kungakutsekereni khomo musanalowe n'komwe.

Kulandira chidzudzulo

Kuchita kokha sikuphunzitsa. Munthu atha kufunsa mboni molakwika kwa zaka 20. Chimene chimaphunzitsa ndi kuchita, wina n'kukuonetsani pomwe mwaphonya, inu n'kuchitanso. Bungwe la National Institute for Trial Advocacy, limene linayamba mu 1971 ku America, limadziwika ndi njira imene inenso ndimagwiritsa ntchito: mphunzitsi amatchula cholakwa chimodzi chokha, amakubwerezerani mawu enieni amene munanena, amakuonetsani kakonzedwe kake, n'kukuuzani chifukwa chake. Chimodzi chokha, chifukwa munthu wouzidwa zolakwa zisanu ndi ziwiri sakonza ngakhale chimodzi.

Ngati wokuyang'anirani angonena kuti "mwachita bwino", musakhutire. Funsani kuti, "Chimodzi chimene ndikanasintha n'chiti?" Kalata yanu ikabwerera yofiira ndi inki, musaitaye. Ikani yakale ndi yokonzedwayo pamodzi, muone chimene anachotsa ndi chimene anasuntha. Khalani ndi kope lanulanu, lopanda mayina a anthu, momwe mlungu uliwonse muzilemba chimene munachita, chimene chinakudabwitsani, ndi chimene mudzachite mosiyana. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo m'sukulu muli anansi otere ambiri kuposa amene mudzawapeze mukadzayamba ntchito, pamene aliyense adzakhala wotanganidwa ndi mafayilo ake.

Teremu ikamatha, mlandu umakhala usanathe. Inu mukupita kukalemba mayeso, koma mayi uja tsiku lake la kukhoti lili mwezi wamawa. Musanachoke, lembani noti yosiyira amene adzatenge fayiloyo: nkhani mwachidule, pamene yafika, madeti onse amene akubwera ndi tsiku lomaliza lokasumira, zikalata zimene zikusowa, zimene munalonjeza ndipo simunachite, ndi nthawi imene munthuyo amapezeka pafoni. Kenako muimbireni mwini mlandu, mumuuze kuti mukuchoka, mumutchulire dzina la amene akutenga malo anu ndi la loya woyang'anira, ndipo ngati n'kotheka akumane inu mulipo, kuti asadzafotokozenso nkhani yake yonse kuyambira pachiyambi kwa munthu wachilendo.